Anthu Ofunsa Njira ya ku Pantoni

Sonkhezerani motowo, nkhani iyi imabwera ndi chisanu chake. Ine ndinaimva kwa mwini wake, Rozina Kampira, mayi amene sindinamumvepo akuthira mchere m'nkhani. Pondiuza sankandiyang'ana kumaso. Ankangoyang'ana manja ake.

Amene munafikako ku Matambwe mukudziwa kuti mzindawo unamera chifukwa cha mtsinje wa Likhwala. Kale thonje lonse la m'chigwa linkathera kumeneko. Kunali jinale, fakitale yochotsa njere m'thonje. Kunali ina yofinya mafuta, kunali njanji yolowa mpaka m'mashedi, ndiponso ngalande yokumba ndi manja imene mabwato a katundu ankalowamo. Antchito ambiri ankakhala m'malayini, nyumba zondandana za kampani, tsidya lina la mtsinje, ndipo ankawoloka pa pantoni, chombo chafulati chija chokokedwa ndi tcheni. Chaka china madzi anasefukira dzuwa likuswa mtengo. Mtsinje unasiya njira yake n'kukumba ina chakummawa. Pantoni inapita, malayini anapita, ndipo ambiri mwa anthu amene anaweruka tsiku limenelo sanafike kunyumba. Jinale sinatsegulidwenso. Pamene pankayenda madzi anthu anathirapo dothi n'kumangapo magalaja, magolosale ndi tchalitchi.

Rozina anabadwa zonsezi zitapita kale. Anaphunzira zoyeza malo, ndipo ankagwira ntchito ku khonsolo ya mzindawo. Ankasunga bambo ake, a Kampira, amene ali mnyamata ankasoka mabelo a thonje ku jinale kuja. Tsiku la madzi iwo anali atatumidwa ku siteshoni ya sitima, n'chifukwa chake anapulumuka. Nkhaniyo sankaikamba.

Atakalamba, mutu wawo unayamba kutaya zinthu: dzina la mdzukulu, pamene aika ndodo, ngati adya kapena sanadye. Koma njira sinkawasowa, kungoti inali njira ya mzinda wina. Ukamayenda nawo pabwalo la msika, pamtetete popanda chotchinga, ankakhota mwadzidzidzi ngati akuzungulira khoma. Penapake pamsewu wa tala ankanyamula mwendo m'mwamba, kenako winawo.

"Bambo, mukudumpha chiyani?" Rozina ankafunsa.

"Njanji. Iwe sukuiona? Udzapunthwa tsiku lina."

Rozina ankangoseka n'kuwagwira mkono.

Chaka chimene ndikunenachi, kampani ina inagula malo aakulu pakati pa chumuni cha jinale, chimene chikadaima mpaka lero, ndi tchalitchi cha kumunsi. Inkafuna kumangapo nyumba yosungiramo feteleza. Rozina ndiye anatumidwa kukayeza. Anayeza, anakhoma zikhomo zachitsulo m'malire, n'kubwerera. M'mawa mwake anapeza zonse zitazulidwa. Koma sizinabedwe. Zinali zitakhomedwanso bwinobwino m'mizere iwiri yodutsa chopingasa pakati pa malowo, ngati munthu akusonyeza mbali ziwiri za msewu.

Anazibwezera m'malo mwake. Kutacha, mizere iwiri ija inali itabwerera. Rozina anaima pamenepo kwa nthawi, manja ali m'chiuno. Akanakhala akuba, akanakagulitsa chitsulocho. Akanakhala ana, akanazitaya m'tchire. Mapeto ake anazimangira m'simenti, ndipo amisiri anakweza mpanda wa njerwa wautali kuzungulira malo onsewo.

Mpanda utangotha, chiperoni chinafika. Mukuchidziwa chiperoni cha m'mphepete mwa mtsinje: kamvula kowaza kosanyowetsa msanga, ndi chifunga chimene chimakhala pansi tsiku lonse osafuna kunyamuka.

Pafupi ndi mpandawo mayi wina, a Nangondo, ankagulitsa tiyi ndi zitumbuwa kwa amisiri. Tsiku lina Rozina akumwa tiyi pa benchi yawo, a Nangondo anamufunsa.

"Mayi a ku khonsolo, inu mumadziwa misewu yonse ya muno. Kodi ku pantoni n'kuti?"

"Pantoni? Kuno kulibe pantoni, mayi. Anthu amawolokera pa mlatho wa kumtunda."

"Nanenso ndimawauza choncho."

"Mumauza ndani?"

A Nangondo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Amabwera dzuwa likapendeka, chifunga chikatsika. Nthawi zina mmodzi, nthawi zina angapo. Anthu ake aulemu zedi, amavula chipewa pofunsa. Amavala maovolosi a kaki, ena amanyamula zitini za chakudya, ndipo m'tsitsi mwawo mumakhala thonje. Ndikawayankha amathokoza, n'kupita kukaima apo, nkhope atalozetsa kumpanda. Ndikati ndiwerame ndikolezere mbaula, podzuka palibe munthu."

"Nkhope zawo mukhoza kuzizindikira?"

"Ndi chimene chikundisowetsa mtendere. Ndimayankhula nawo maso ndi maso, koma akangochoka sindikumbuka kuti nkhopezo zinali zotani. Ndiye makapu anga akumasowa. Ndimawapeza m'mawa atatsukidwa, atavundikiridwa pamzere m'tsinde mwa mpandawo. Wakuba amatsuka kapu?"

Rozina anati mwina ndi amisiri akuchita nthabwala. Koma tiyi wake sanamalize.

Kunyumba nako zinthu zinasintha. A Kampira anasiya kugona masana. Dzuwa likapendeka ankaimirira pakhonde, khutu atalozetsa kumunsi.

"Lalira," ankatero. "Aweruka. Nsapato zanga zili kuti?"

"Lalira chiyani, bambo?"

"Lipenga la ku jinale."

Rozina sankamva kanthu. Anabisa nsapatozo pansi pa bedi lake. Koma madzulo ena, akuanula zovala zimene zinakana kuuma, analimva. Silinali lipenga lomveka bwino ayi. Linali ngati ng'ombe ikulira kutali, pansi pa nthaka, mawu aatali otsika pang'onopang'ono. Agalu a m'dera lonselo anakhala chete. Pa malaya amene anagwira m'manja panatera kanthu koyera. Anakafinya ndi zala. Kanali thonje, ndipo ku Matambwe kunalibe munthu wopuntha thonje kuyambira iye asanabadwe.

Tsiku lotsatira analowa m'chipinda cha mapu ku ofesi kwawo, m'mene anthu salowamo kawirikawiri. M'dirowa ya pansi penipeni anapeza mapu a mzindawo ojambulidwa pa nsalu, inki yake itafiira ndi ukalamba. Anawayala patebulo. Mzinda umene anauona pamenepo sunali umene ankaudziwa. Mtsinje unkadutsa pamene lero pali tchalitchi. Njanji inkagawika nthambi zambiri ngati mizu, ndipo nthambi imodzi inkadula msewu pamalo penipeni pamene bambo ake ankanyamula miyendo. Pabwalo la msika panali shedi yaikulu, ngodya yake ili pomwe iwo ankakhotera. Ngalande inkachokera kumtsinje n'kupinda ngati chigongono, ndipo inali ndi kamlatho kamodzi kokha ka oyenda pansi.

Rozina anatenga mapu atsopano a pepala loonekera n'kuwaika pamwamba pa akalewo. Kuchokera pa geti ya jinale kutsikira ku doko kunali msewu wopingasa, wolembedwa kuti Msewu wa Pantoni. Mbali zake ziwiri zinagwera ndendende pa mizere ya zikhomo ija. Mpanda umene iye anayezera unali utaudula pakati.

Anakhala pamenepo mpaka anzake anaweruka, akuyendetsa chala pa mizinda iwiriyo, wina pamwamba pa unzake. Anabwezera mapuwo m'dirowa osauza munthu. Akanauza ndani? Akanati chiyani?

Loweruka lake chifunga chinatsika kuposa masiku onse. Rozina anapita kukagula mankhwala a bambo ake, ndipo pobwera anapeza chitseko chili pululu. Nsapato zinali zikadali pansi pa bedi. Ndodo inali pakhonde. A Kampira panalibe.

Anafunsa kwa anansi, palibe anawaona. Anathamangira kumsika, anazungulira pa siteji ya minibasi, akuitana. M'chifungamo mawu ake ankangogwera pamapazi ake. Kenako anaima, anatseka maso, n'kukumbukira mapu a nsalu aja. Anadzifunsa kuti mnyamata wosoka mabelo akamva lipenga angadzere njira iti. Anakhota pamene panali ngodya ya shedi. Anadumpha njanji imene kulibe. Anatulukira pa chumuni cha jinale n'kutsika chopingasa.

A Nangondo anali atathawa. Mbaula inali ikufukabe, benchi itagwa. Ndipo pampanda paja panali a Kampira, opanda nsapato, akupapasa njerwa ndi manja onse awiri ngati munthu wofunafuna chitseko mumdima.

"Bambo!"

Anatembenuka. Maso awo anali owala, ozindikira, monga Rozina anali asanawaone kwa zaka.

"Rozina, wachita bwino kubwera. Anzangawa akufuna kupita kwawo. Ndinati ndiwaperekeze, koma njira yatsekeka. Kaya watseka ndani."

Apo m'pamene anazindikira kuti sanali awiri okha. Sanawaone bwinobwino, ndipo pondiuza anati sanafunenso kuwaona. Chifunga cha kumbuyo kwa bambo ake chinali chothithikana kuposa china chonse, ndipo m'munsi mwake munkaoneka miyendo ya mathalauza a kaki, yonyowa mpaka m'mawondo. Chitini chinagunda chinzake. Wina anakhosomola chifuwa chouma cha anthu opuma fumbi la thonje. Fungo linali la mafuta a njere za thonje ndi matope a pansi pa mtsinje.

"Tiyeni kunyumba, bambo. Kwazizira."

"Ndiwasiye pano? Anthu agwira ntchito tsiku lonse. Ana awo akuwadikira."

Anawakoka mkono, koma nkhalambayo inali itazikika ngati mtengo. Rozina anadziwa kuti bambo ake sachoka pamenepo mpaka anthuwo atachoka, ndipo usiku wa chiperoni ukawapeza panja opanda nsapato, sadzaona m'mawa.

"Njira ndikuidziwa," anatero mokweza. "Nditsateni."

Anagwira dzanja la bambo ake n'kuyamba kuyenda motsatira mpanda. Kumbuyo kwake kunamveka mapazi ambiri, osathamanga, mayendedwe a anthu otopa. Sanacheuke. Anazungulira ngodya ya mpanda, anadutsa kuseri kwa galaja, anatulukira pa kamsewu ka magolosale. M'magolosalemo nyali zinali zitayatsidwa masana, koma palibe anatuluka. Mayi wina anasuzumira pawindo n'kutseka katani msanga.

Pakati pa kamsewuko a Kampira anaima njii. Mapazi a kumbuyo nawo anaima.

"Ukutigwetsera m'ngalande, mwanawe?"

Rozina anayang'ana pansi. Panali dothi louma ndi zitsekerero za mabotolo. Koma anakumbukira chigongono chija cha pa mapu, ndipo anadziwa kuti aima m'mphepete mwake. Kwa iye panali msewu. Kwa iwo panali madzi akuya.

Anayesa kukumbukira pamene panali kamlatho. Pa mapu kanali moyang'anizana ndi chumuni, chakumunsi pang'ono kwa popindira ngalande. Anayenda cham'mbali, akuyerekeza m'mutu, mpaka anafika pa kampata kopapatiza pakati pa golosale ndi shopu ya telala, kodzaza ndi zinyalala.

"Ndi apa, bambo?"

A Kampira anaponda ndi phazi limodzi ngati akuyesa thabwa.

"Ndi pomwepa. Uyende pakati, thabwa la kumanzere linawola."

Analowa m'kampatako. Rozina anandiuza kuti pansi pa mapazi ake panali dothi, koma kumbuyo kwake kunkamveka matabwa akulira, gu gu gu, munthu mmodzimmodzi akuwoloka. Anawoloka nthawi yaitali. Sanayerekeze kuti analipo ochuluka chotero.

Anafika kuseri kwa tchalitchi. Pamenepo pali chitsulo chachikulu chozikika m'nthaka, chokhala ndi mphete, chimene anthu amamangirirapo mbuzi osadziwa kuti chinali cha chiyani. Apo ndiye panali doko. Mapazi onse anaima, ndipo kunamveka zitini zikuikidwa pansi, anthu akukhala kuti adikire.

Rozina anamvetsa tsopano. Mpanda usanamangidwe, anthuwa ankafika pano madzulo aliwonse n'kudikira pantoni pamalo pamene mtsinje unachokapo kalekale. Kuwasiya apa kukanakhala kuwabwezera ku kudikira komweko, ndipo bambo ake anali atayamba kale kupinda mawondo kuti akhale nawo.

Anatembenukira chammbali, osayang'ana mwachindunji, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira munthu poyankhula ndi akuluakulu.

"Pepani, makolo anga. Mtsinje unasamuka. Suli pano. Uli kutsogoloku, kuseri kwa minda. Pantoni singakupezeni pano."

Kenako panamveka kung'ung'udza kwapansipansi, ngati anthu akufunsana.

"Akuti kutsogoloku ndi madzi," anatero a Kampira. "Akuti anawalowapo kale."

"Ndi pouma, bambo. Ndinayeza ndekha. Tiyeni titsogole ife, aone."

Nkhalambayo inamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako inagwira dzanja lake mwamphamvu n'kuponda kutsogolo kwa chitsulo chija.

Anayenda m'munda wa chimanga chokolola kale. Mapesi ankathyoka pansi pa mapazi awo, ouma. Koma Rozina anamva kuzizira kukukwera m'miyendo yake, m'akakolo, m'mawondo, mpaka m'chiuno, ndipo china chake chinkamukankha cham'mbali monga amachitira madzi oyenda. Atayang'ana thalauza la bambo ake, linali litanyowa likudontha. Anapitirira. Kumbuyo kunalibe phokoso. Anaganiza kuti anthuwo akana. Kenako anamva munthu mmodzi akulowa m'madzi, kenako wina, kenako onse.

Kuzizira kuja kunatsika, kunatha. Anakwera kamtunda ka mchenga, ndipo kutsogolo kwawo kunali Likhwala weniweni, wotakata, tsidya lake losaoneka m'chifunga.

Anaima. Mapazi anawapitirira mbali zonse ziwiri, mphepo yozizira ikuwakhudza m'mapewa, n'kukasonkhana m'mphepete mwa madzi. Kwa nthawi kunalibe chomveka koma mtsinje. Kenako kuchokera pakati pa madzi kunayamba kumveka tcheni. Ngwere, ngwere, ngwere, ikukokedwa pang'onopang'ono. Chinthu chachikulu chakuda chinayandikira m'chifungamo n'kugunda mchenga. Mapazi anayamba kukwera pa matabwa. Wina anaseka, kuseka kwa munthu amene waona kuti afika kwawo kusanade.

Mawu anachokera pa chombocho, mawu a mnyamata.

"Kampira! Ukwera?"

Nkhope ya a Kampira inawala. Anayankha ndi mawu amene Rozina anali asanawamvepo, opepuka, achinyamata.

"Ndiwe Fulaye? Ndidikire!"

Anaponya phazi kutsogolo. Rozina anawagwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Bambo, ayi."

"Ndisiye, mwanawe. Malo alipo."

"Ayi, bambo. Chonde."

"Kwathu ndi uko. Mayi anga ali uko. Ndachedwa kale."

Anali ndi mphamvu zimene nkhalamba sikhala nazo. Anamukoka mpaka mapazi ake analowa m'madzi. Rozina anagwada mumchenga wonyowawo n'kukumbatira miyendo yawo, akulira ngati kamwana. Sananene za mankhwala, sananene za chisanu. Anangoti, "Nanga ine? Mundisiya ndi ndani?"

A Kampira anaima. Anayang'ana chombocho, anayang'ana mutu wa mwana wawo. Tcheni inagwedezeka ngati wokoka watopa kudikira. Kenako nkhalambayo inapuma mpweya wautali, n'kuika dzanja pamutu pa Rozina.

"Pitani, anzanga," inatero. "Mwanayu wandigwira."

Tcheni inayambanso kulira. Inalira ikutalikira, ikuchepa, mpaka mtsinje unaimeza. Rozina atadzutsa mutu, chifunga chinali chitayamba kung'ambika, ndipo tsidya lina kunkaoneka bango ndi ng'ombe za munthu zikumwa madzi. Pamchenga panalibe phazi la wina aliyense koma awo awiri. Anawabereka bambo ake kumsana mpaka pamsewu, ndipo anati anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.

Kuyambira tsiku limenelo palibe anafunsanso a Nangondo njira ya ku pantoni. Makapu awo anasiya kusowa. Lipenga silinamvekenso. Mpanda ukadalipo, feteleza amalowa ndi kutuluka, ndipo anthu a ku Matambwe sadziwa kuti panachitika kanthu.

A Kampira anadwala chifuwa kwa kanthawi, n'kuchira. Anakhalanso ndi moyo mpaka mvula inagwa kawiri. Koma sanatulukenso okha pa geti. Rozina akawatenga kuti akawongole miyendo, ankayenda mowongoka pabwalo la msika, osakhota. Pamsewu wa tala ankangodutsa akukhwekhwereza mapazi. Mzinda wakale unali utawachokera m'mutu, ndipo watsopanowu sunalowemo. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, aulemu, ofatsa, chipewa chili pamawondo, ngati mlendo amene akudikira kuti eni nyumba amuuze pogona.

Rozina anandiuza kuti mpaka lero sadziwa ngati anachita bwino kuwagwira. Masiku ena amati mwana aliyense akanachita chomwecho. Masiku ena amati anawagwira chifukwa cha mantha ake, osati chifukwa cha iwo. Chimene chimamubwerera kwambiri ndi madzulo ena, akuwafunditsa bulangeti pakhondepo. Anamuyang'ana mwaulemu n'kufunsa.

"Pepani mayi, kodi kuno n'kuti?"

"Ndi kwanu, bambo. Muli kwanu."

A Kampira anamwetulira, ngati munthu amene sakufuna kutsutsa womuchereza. Anayang'ana kumunsi, kumene kuli mtsinje, n'kupukusa mutu pang'ono.

"Ayi, mayi," anatero. "Kwathu kunawoloka."